Mpando Wopanda Munthu

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Ine kuno ku Glasgow ndikuyesera, koma adokotala akuti chotupa chija chakula.

Loweruka mwana wanu Thoko ananditengera kunyumba yoonetsera zojambulajambula kuti ndikapitidweko mphepo. Ndinaima patsogolo pa chithunzi china chopenta: nkhalamba yachizungu ili gone pabedi, nkhope itatuwa, pambali pake mpando wopanda munthu. Wojambulayo ndi katswiri, achimwene, moti kuzizira kwa m'chipindamo ndinakumva m'mafupa. Ndinangozindikira ndavula chipewa, manja ndaika kumbuyo, monga timachitira podutsa pamaliro.

Thoko anaseka n'kundiuza m'Chingerezi chake chija, "Adadi, valani chipewa, si maliro awa. Wojambulayu akuonetsa mtendere."

Ndinati, "Mtendere wanji, munthu kutsirizika popanda womutseka maso? Abale ake ali kuti?"

"Mwina ali kuntchito," anatero, nkhope ili gwa, osaona cholakwika. N'zimene zandiopsa.

Chonde mundikonzere kachipinda kaja, ndikufuna ndibwere ndidakali woyenda ndekha. Mulungu akusungeni mpaka ndifike. Pampando uja mudzakhalepo ndinu.

Ine mng'ono wanu,
Yohane