Mkonono wa Achimwene Jamali

Liwaladzi, Nkhotakota

Wokondedwa mlongo wanga Sharifu,

Salaam aleikum. Uli bwanji ku Joniko? Chifuwa chija chinatha? Kuno tilipo, koma amayi sakudyabe bwino chiikireni achimwene Jamali m'manda.

Pafoni ndinangokuuza kuti unali mtima. Lero ndikuuza zonse, ndipo usandiseke monga umachitira.

Mkonono wawo uja ukuukumbukira. Akazi awo, alamu a Shamsa, atatopa nawo, tonse tinagwirizana kuti achimwene azikagona m'khumbi la kudoko, momwe timasungira injini ya boti ndi maukonde. Tinkati akuba akamva mkonono adziwa kuti muli munthu. Zoonadi, anzathu anaberedwa, ife ayi, ndipo tinkanyada nazo. Akamasinza masana akusoka ukonde, tinkangoti ndi ulesi.

Miyendo itayamba kutupa tinawagoneka kuchipatala kuboma, ine ndikuwadikirira. Kumeneko ndiko ndinamvetsera bwino koyamba. Sharifu, mkonono uja unkaduka. Zii! Chifuwa chikukankha koma mpweya osalowa, ine n'kumati basi apita. Kenako ankadzidzimuka ngati munthu womira, n'kuyambiranso. Mpaka kucha.

Adokotala anandiuza kuti amenewo ndi matenda: kukhosi kumatsekeka munthu ali m'tulo, magazi n'kusowa mpweya. Anati zimene thupi linatengera kwa makolo sizisintha, koma kubanika kwa usiku ndi usiku kumatha kudzutsa zina mwa izo n'kugoneka zina, ndiye mitsempha imauma, magazi amathamanga, mtima n'kutopa. Anandifunsa ngati panalibe amene ankamva zaka zonsezi. Ndikanati chiyani, poti munthu tinamusiya azigona ndi injini?

Ndakwiya, mlongo wanga, ndipo sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani.

Tsopano za iwe. Utabwera pa Idi chaka chatha unagona pabalaza, ndipo titamva mkonono wako nyumba yonse tinaseka kuti achimwene apeza wolowa m'malo. Khosi lako lanenepa ngati lawo, ndipo unandiuza wekha kuti umadzuka mutu ukupweteka. Kumeneko umagona wekhawekha, m'mawa n'kukayendetsa thiraki ya eni ake.

Adokotala anati matendawa akadziwika msanga thandizo lilipo, ngakhale makina othandiza kupuma pogona. Pita kuchipatala. Ndikukudziwa, uyankha kuti mwamuna sakagona pamzere chifukwa cha mkonono. Ndiye yamba wachita ichi chokha: kalatayi ikakupeza, undiimbire pogona, foni uiike kumutu, usadule. Ine ndikhala maso, ndizimvetsera. Ukangoti zii, ndikuwa dzina lako mpaka udzuke.

Amayi sindinawauze zimenezi. Dzulo lomweli ankati akulakalaka utabwera, amvenso mkonono pakhomo pano.

Allah akusunge, akudzutse m'mawa uliwonse. Upereke moni kwa amalume a Ismail ndi akwathu onse kumeneko.

Ndine mlongo wako,
Rahila