Ulusi Wopanda Bobini

Lolemba, 3 Marichi
Asisi atulukira kushopu. Zaka zinayi osaonana, moni wake: "Wanenepa." Iwo aonda ngati singano. Akufuna ndiwapangire chionetsero cha ulusi, akasonyeze pa mayeso awo omaliza kuyunivesite. Ndati ndili ndi madiresi aukwati atatu. Bodza, lilipo limodzi.
Pa maliro a bambo iwo anali pa sitima pakati pa nyanja yamchere, kutunga madzi m'mabotolo. Ine ndikusoka nsalu ya m'bokosi. Sindinaiwale.

Lachitatu, 5 Marichi
Anasiya chithunzi pa makina, dala. Kachilombo ka m'nyanja, selo imodzi yokha, kosaoneka ndi maso. Mkati mwake makromozomu onenepa, mitolo ya DNA yodzaza timizere topindika ngati timauta. Za DNA ndinaphunzira ku Fomu 4, asandione ngati mbuli.
Kuseri alemba kuti mwa ife ulusi wa DNA umakulungidwa pa timabobini ta mapuloteni. Kachilomboka timabobinito kali nato tochepa zedi, koma ulusi wake umatha kutalika kuposa wa munthu kambirimbiri.
Ulusi wonsewo, wopanda bobini, osasokonekera? Ine mamita awiri okha amanditukwanitsa.

Lachisanu, 7 Marichi
Ndayesa. Osati chifukwa cha iwo, chifukwa cha kachilomboko. Koyamba zangotuluka zinyalala. Ndawaimbira. Ati, "Umayalidwa mosanjikiza, wapamwamba kupotokako pang'ono kusiyana ndi wapansi pake." Ndiye osanena poyamba bwanji? Ophunzira.
Ndamata ulusi pa timapulasitiki toonekera khumi ndi tiwiri, kalikonse kopotoka pang'ono, n'kutisanja ngati masitepe. M'mphepete mwatuluka timauta tija, pomwe ulusi wonse ndi wowongoka. Ndakhala pansi kaye. Kanthu kopanda manja, kopanda maso, kupinda mwaudongo kuposa telala aliyense mumsewu muno. Kuposa ine.
Diresi la eni ake silinakhudzidwe.

Lachiwiri, 11 Marichi
Ndakapereka chionetserocho ku labu kwawo. Chipinda chozizira, mashelefu a magetsi, mabotolo a madzi ofiirira. Andionetsa pa maikulosikopu. Tizilombo tija timasambira tikuzungulira ngati taledzera, koma sitigundana. Ati makromozomu ake samamasuka ngati athu, amakhala opindidwa nthawi zonse, ntchito n'kumayenda. Mmene zimathekera ndi zomwe akufufuza.
Manja awo pa kagalasi, osanjenjemera. Manja a bambo enieni. Zandikwiyitsa.
Botolo lina lapakona lalembedwa BAMBO, 9 Ogasiti. Tsiku la maliro.
Ati, "Uthenga unandipeza ndikutunga limeneli. Doko linali ulendo wa masiku asanu ndi atatu."
Masabata atatu aliwonse tizilombo ta m'botolomo amatisamutsira m'madzi atsopano kuti tisafe. Zaka zinayi, osaphonya. Osandiuza.
Ndati, "Bulauzi yanu yang'ambika m'khwapa."

Lachinayi, 13 Marichi
Mayeso ndi mawa. Bulauzi ndasoka, ndabweza ndi m'chiuno, asakaime pamaso pa maprofesa ngati thumba. Mwini diresi wabwera, wakalipa, ndamuuza adikire, mwamunayo sathawa.
Kukhululuka sindinakhululuke, ndilembe poyera. Ndangofunsa kuti mwezi wamawa akapita kunyanja, botolo lija adzalisamalira ndani. Ati mnzawo wa mu labu.
Mnzawo. Munthu woti bambo sanamuonepo n'komwe.
Loweruka akandiphunzitsa kusintha madzi.