Nyundo ya Atate Sinama

Nangongwe, Kafue

Okondedwa alongo anga a Gordon,

Muli bwanji ku Katete? Mwendo wa alamu a Winfrida unapola? Kuno tilipo.

Ine Clementina, mwini digiri ya ku yunivesite, ndikupereka dandaulo pa mlandu wa masewera a mpira amene munaika m'foni ya atate pa Khirisimasi. Munati ndi a osaona ndi oona omwe: uvala mahedifoni, umva mpira ukulira ngati belu kumanzere kapena kumanja, n'kukankhira chala komweko kuti uugwire. Simunanene kuti ndidzanyozeka m'nyumba imene ndimasesa ndekha.

Atate, amene chifereni maso ankangokhala duu pakhonde, tsopano amandigonjetsa tsiku ndi tsiku. Akuti zaka makumi atatu ankagogoda mawilo a sitima ndi nyundo kumvetsera la mng'alu, ndiye kabelu ka m'foni n'kachiyani? Akutinso digiri ilibe makutu. Ba Fackson oyandikana nafe amabwera kudzaseka chabe.

Sabata yatha atate anandivula mahedifoni, nati ndikhale pansi. Anati akumva kuti masiku ano ndikukhwekhwereza mapazi, ndagunda chitseko kawiri, ndipo tiyi ndikuthira mpaka kusefukira. Ndinakana. Anati wilo nalo limaoneka labwino, koma nyundo sinama.

Ndinapita kuchipatala ku Lusaka. Ndi matenda omwe aja a atate. Diso lamanzere latha theka. Mankhwala odonthezera amangochedwetsa, sabweza. M'minibasi pobwerera ndinkawerenga chikwangwani chilichonse ngati mwana woyamba sukulu.

Chichokereni kumeneko atate sasekanso ndikaphonya. Amati nditsinzine, ndiyambirenso. Akundiphunzitsa, alongo anga, ndipo ndayamba kuugwira mpira uja. Sindikudziwa ngati ndikondwere.

Pempho langa n'lakuti mukapimitse maso, inu ndi ana, kenaka mubwere tikambirane. Wowagwira dzanja atate popita kutchalitchi ndine. Wodzandigwira ine sindikumuona.

Moni kwa alamu, kwa azakhali a Dainess, ndi kwa Mtendere ndi Zione.

Dandaulo lija silinafe. Chipukuta misozi chake mundibwezere zigoli zonse, pamodzi ndi diso limodzi, mutumize pabasi. Inu muli nawo awiri, ndipo chibadwireni sanaonepo mbale zakuda.

Ndine mlongo wanu wogonja,
Clementina