Udzu Wouma pa Njira ya ku Chitsime

Lolemba, 6 Febuluwale 1989
Chowe. Mvula pang'ono. Nkhuku 11, mazira 4. Pachitsime amayi 37, mwa iwo 22 othawa nkhondo.
Fungo lija labweranso, cha kunthochi. Dizilo. Fungo la ovolosi ya malemu amuna anga, a Ambrose. Chimwalirireni sanandivutepo, lero akufunanji? Sindinauze munthu. Mphunzitsi wopuma salankhula za mizimu.

Lachinayi, 9 Febuluwale
Amayi a ku Mozambiki asiya njira yachidule ya kuchitsime. Akuzungulira kuseri kwa chigayo cha mishoni, ndowa pamutu, ana kumbuyo. Onse 22. Athu 15 akungodutsa. Ndafunsa Estela, amene amandichapira. Wangoti, "Agogo, ife tinaphunzira kuyenda maso ali pansi."
Mu tiyi namonso muli a Ambrose. Ndamwa theka.

Lachiwiri, 14 Febuluwale
Estela wandigwira dzanja kukandionetsa. Mzere wa udzu wouma pakati pa msipu, wowongoka ngati wolemba ndi rula. "Kwathu udzu ukauma chonchi, pansi akwirira bomba. Alongo anga anaponda malo otere." Amayi a ku Mozambikiwa akhala akuuona chiyambire Khirisimasi. Sananene, akuti mlendo sadandaula.
Si bomba. Ndi paipi ya dizilo, yochokera pa thanki ya kumtunda kupita ku injini ya chigayo. A Ambrose anaikwirira mu 1961, ataikulunga ziguduli ndi phula. Ndinkawatengera thobwa. Ankati, "Dzimbiri limadya kunsi, kumene suona. Zikatha zaka makumi awiri adzafukule." Palibe anafukula.
Nthochi zofota 9. Yachisanu ndi chinayi yayandikana ndi chitsime.

Lachitatu, 15 Febuluwale
Kwa a Duncan, oyang'anira chigayo. Ndati tsekani mpopi wa pa thanki. "Amayi, ndiimitse chigayo, chimanga cha kukampu ya othawa nkhondo chili mbwee chonchi? Anthuwa adya chiyani?" Matumba 140, ndawerenga. Sakunama. Akuti adzamanga ndi mphira pamene pakudontha. Malo amodzi! Paipi ija ndi zidutswa 31, zonse msinkhu umodzi.
Madzi a mundowa ali ndi utawaleza pamwamba.

Lachiwiri, 21 Febuluwale
Triza, mwana wa Estela, wakhala akusanza. Ana odwala 6. A Duncan atseka thanki, chigayo chili zii. Pachitsime taika minga.
Amuna a kukampu akana kuika khasu pamzere paja. Sindikuwadzudzula. Estela ndiye wagona chafufumimba pa udzu woumawo, nayamba kupalasa dothi ndi mpeni wakukhitchini, pang'onopang'ono, mmene amafufuzira mabomba kwawo. Wandiuza kuti ndiime patali. Sindinamvere.
Dothi lakuda, lonona. Chiguduli chowola, koma mfundo ya waya ikadalipo, yopotera kumanzere monga ankachitira a Ambrose. Paipi kumwamba yabwinobwino. Kunsi ngati sefa. Mabowo ndawerenga 48, chala changa chinalowa pa la 49.
Chidutswa chimodzi chokha chimenecho.

Lachisanu, 3 Malichi
Afukula zidutswa 19, zabwino 2. Triza wadya phala. Madzi tikutunga kumtsinje, nkuwiritsa. Dizilo akunyamula m'zigubu, chigayo chikulira.
Fungo latha. Ndapita kunthochi kawiri, ndaima, ndakoka mpweya. Dothi lonyowa basi.
Nkhuku 11. Mazira sindinawerenge.