Tmux pa Chulu cha ku Bowe

Lolemba, 11 Novembala

Tsiku lachitatu pa chulu. Netiweki kuno imagwira apa pokha, kuseri kwa tchalitchi, pamwamba penipeni. Laputopu pamiyendo, dzuwa pamutu, nyerere m'chitenje.

Mayina 386 a alimi a kalabu yathu, zithunzi ndi ziphaso zawo, zonse zili kale pa seva, kompyuta yaikulu ya ku Lilongwe. Changa n'kulowamo ndili konkuno, podzera pa ssh, kuyambitsa pulogalamu yoti iwunike mlimi mmodzimmodzi n'kumulemba pa mndandanda wa mbewu ya mtedza. Maola anayi. Batire yanga imakhala ola ndi theka. Netiweki ikangophethira pulogalamu imafa, n'kuyambiranso pa wani. Lero yafera pa 97. Mndandanda ukapanda kutha Lachisanu 12 koloko, lole ya mbewu itilambalala.

A Samueli a kutsidya kwa dambo adutsa ndi khasu paphewa. "A mlembi, mukudikira ngumbi? Mvulatu sinagwe." Ndaseka ndi mano okha. Akuti dzina lawo lisasowe, mizere aunga kale.

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndamuimbira Felton, amene anakonza seva ija. Makalabu khumi ndi anayi ali pamutu pake, nthawi yondichitira alibe. Akuti ndigwiritse ntchito tmux. Ndamufunsa ngati ndi mankhwala a mutu. "Ndi chipinda, mayi. Mumayatsa ntchito mkatimo n'kutuluka, iyo n'kumapitirira yokha." Watumiza malangizo pafoni, ndakopera muno.

Kutsegula: tmux new -s mbewu
Kutuluka osazimitsa: Ctrl ndi b pamodzi, kusiya zala, kenako d
Kubwerera: tmux attach -t mbewu

Ndayeserera kuofesi. Pansi pa zenera lakuda lolembamo malamulo pamatuluka kamzera kobiriwira, ndiye kuti walowa. Kanayi konse ndimadina d chala chikadali pa Ctrl, osachitika kanthu. Zala zozolowera kusenda mtedza izi. Mwangozi ndadina b kenako %, zenera lagawika pawiri, kulibweza ndalephera. Ndangozimitsa zonse.

Lachitatu, 13 Novembala

Kutopa mpaka m'mafupa.

M'mawa ndinakwera, kutsegula tmux, kulowa pa seva, kuyambitsa, b, d, kutseka laputopu. Ndinatsika chulu ngati munthu wa digiri. Ndinachapa zovala, ndinadya nditakhala pansi, koyamba sabata ino. Madzulo kukaona: yafera pa 6. Pa sikisi! Chiyambire m'mawa.

Felton akuti, "Chipinda mwamanga kwanu, osati ku Lilongwe. Mutatseka laputopu mwatseka nacho. Lowani kaye pa seva, tmux pambuyo." Anayamba kuseka, ndinamudulira foni. Dzulo sananene zimenezo. Mwina ananena, sindikudziwanso. Fulumirani anadya gaga.

Ndikanayambiranso pomwepo, koma batire inazima ndikulemba pasiwedi. Mitambo tsiku lonse, sola sinadye kanthu.

Potsika ndinamva kulira kutsidya kwa dambo. A Samueli. Agwa m'munda mwawo masana, osadzukanso.

Lachinayi, 14 Novembala

Maliro. Munthu sakhala pa chulu ndi laputopu mudzi ukulira. Akanandinena mpaka Khirisimasi, ndipo sakanalakwa.

Ndinalawira kukatchajitsa kugolosale kwa a Rukiya, n'kukwera ndi mpango wakumaliro uli kale kumutu. Seva kaye. Kenako tmux. Kamzera kobiriwira. 1, 2, 3. Ndinadikira mpaka 10, mtima ukukana, ngati kusiya mbuzi yosamanga pafupi ndi dimba la eni. Ndinadina b, kusiya, d. Kutseka, kutsika.

Tsiku lonse kutunga madzi, kutsuka mbale, kuyimba. Zochititsa manyazi: kumanda pakamwa pali nyimbo, mumtima ndikuwerenga kuti yafika pa nambala yanji.

Pobwerera a Veronika, mkazi wa malemu, anandigwira dzanja. "Mwana wanga, mbewu ija ibwerabe? Inetu sindinalembetse, analembetsa ndi iwowo." Ndinati sindikudziwa. Bodza. Lamulo la kalabu ndinalemba ndi dzanja langali: womwalira amachotsedwa, thumba lake limapita kwa amene akudikira. Ndipo odikirawo ndimawadziwa onse, nawonso ndi anthu.

Msana ukuwawa. Sindinapite kukaona.

Lachisanu, 15 Novembala

Chulu, 8 koloko. Mvula yagwa m'bandakucha, dothi loterera, ndakwera chokwawa. Seva. tmux attach -t mbewu. Ndinatsinzina kaye.

386 pa 386. Inamaliza dzulo masana ife tikukwirira. Sabata yonse ndimati tsiku limeneli ndidzavina. Ndangokhala phee, matako onyowa.

Ndatsegula mndandanda kuti ndione ngati onse alimo. Nambala 214, Samueli Mkanda, thumba limodzi. Kumuchotsa n'kosavuta, mawu ochepa chabe, Felton anandiphunzitsa kalekale. Nthawinso ilipo yambiri. Ndinawalemba mawuwo mpaka kumapeto, chala pa Enter.

Munda wawo umaoneka kuchokera pano. Mizere yonse younga bwino, yonyowa. Khasu palibe walichotsa.

Ndafufuta zimene ndinalemba, chilembo chimodzichimodzi. Ctrl b, kusiya zala, d. Komiti ikadzafunsa ndidzayankha ndekha, sindidzanamizira netiweki. Mwina ulembi uthera pomwepa. Ndatopa nawo kale.

Ngumbi zayamba kutuluka pafupi ndi phazi langa, zambirimbiri. Woti ndimuuze kuti zatuluka palibe.