Amayi, Sikelo ndi Jagi ya Madzi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi kamwana kathu. Chifuwa chinkakuvutitsani chija chinatha? Kuno tadzuka bwino tonse, ndipo ine ndikulemba mothamanga chifukwa cha chisangalalo, choncho mundikhululukire zilembo zikapendekeka.

Koma ndiyambe ndi funso. Kodi ananena kuti sikelo siinama ndani? Inu mumatero, Abambo amatero, Azakhali amatero, ndipo nyumba yonse yagwadira kasikelo ka galasi munatumiza kaja ngati kali ndi nzeru. Ine ndakana. Mukudziwa kuti chimalizireni maphunziro ndili pakhomo, ntchito ndikungofunsira osaitanidwa, ndiye mutu wangawu ukuyabwa kufuna chinthu choti ukonze. Ndachipeza m'bafa mwathu momwemu.

Mukukumbukira kuti adokotala anauza Amayi kuti achepetse thupi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Amayi anamvera. Shuga mu tiyi anasiya, zokazinga anachepetsa, ndipo madzulo timayenda limodzi mpaka pamlatho n'kubwerera. Nanenso ndinalowa nawo, poti suti yanga ya intavyu inayamba kundiluma m'chiuno ndisanaivaleko n'komwe kokafunsidwa mafunso.

Vuto linabwera ndi lamulo lanu lija, loti azikwera sikelo m'mawa uliwonse, inu n'kuimba foni kufunsa nambala. Ikatsika, Amayi ankaimba nyimbo pamakina awo osokera tsiku lonse. Ikakwera ndi theka la kilo, m'nyumba munkachita ngati mwagwa maliro. Anayamba kuvula mpango, ndolo, ngakhale magalasi asanakwerepo. Abambo anawafunsa ngati mawa adzachotsanso mano oikirira aja, ndipo sanayankhulidwe mpaka masana.

Tinkaseka, koma Lachiwiri kuseka kunatha. Amayi akudula nsalu ya kasitomala anachita chizungulire n'kukhala pansi, sizasi ili m'manja. Nditathamanga nawo kuchipatala, anamwino anangoona milomo yawo youma n'kufunsa kuti madzi anamwa liti. Achimwene, Amayi anali atasiya kumwa madzi kuyambira masana tsiku lililonse, ati kuti m'mawa akhale ndi nambala yabwino yokuuzani! Anati sankafuna kuti mwana wawo aziganiza kuti amadya mobisa. Munthu womwa mankhwala a magazi, kudziumitsa chonchi!

M'mawa mwake ndinaitanitsa msonkhano pabalaza. Azakhali, amene amanditcha a Digiri, anati ndapeza ofesi tsopano. Ndinaika sikelo pakati, ndinakwera, Abambo n'kuwerenga nambala mokweza. Kenako ndinamwa jagi yonse ya madzi mpaka mimba kuti ndii, n'kukweranso. Kilo yathunthu pamwamba! Ndinafunsa ngati alipo amene wandiona ndikunenepa pomwepo. Azakhali anati sikelo yafa basi, ndiye ndinawapatsa jagi nawonso. Anamwa theka, nambala inakwera, ndipo anatsika akulalatira kagalasiko kuti n'kopanda ulemu kwa akuluakulu.

Ndinawafotokozera kuti sikelo imayeza zonse zimene munthu wanyamula, osati mafuta okha. Mchere ukachuluka thupi limasunga madzi, ukapanda kupita kuchimbudzi zimaoneka, ndipo ife akazi masiku ena a mwezi timalemera popanda chifukwa china. Mafuta sabwera tsiku limodzi, sachokanso tsiku limodzi. Amayi anandimvetsera mpaka kumapeto n'kungoti inde mwana wawo ndi wophunzira, koma nambala ndi nambala. Mukundidziwa, kudikira si ntchito yanga.

Pamenepo maso anga anagwera pa siketi yawo yabuluu ija. M'chiuno munali msoko watsopano. Nditafunsa, anati aibweza kawiri chifukwa nsalu za masiku ano zimatamuka, ndipo ikumawagwa akamayenda. Telala wamkulu chonchi, woyeza ziuno za anthu tsiku ndi tsiku, sanaganizepo zoyeza chake!

Ndinachotsa tepi imene imakhala m'khosi mwawo n'kuwazunguliza m'chiuno. Muyeso wawo wakale amaudziwa pamtima, ndiye ataona pamene chala changa chagwira sanakhulupirire kuti chiuno chachepa chonchi. Anandilanda tepi n'kudziyeza okha, ati ine sindidziwa kugwira. Anayezanso kachiwiri atapuma mpweya wonse kuti mimba ituluke. Chimodzimodzi. Kenako anaseka, Achimwene, kuseka kwa misozi kuja, n'kuuza Abambo kuti asangokhala pamenepo ngati mlendo, akawatungire madzi. Anamwa osapumira. Abambo anati akapitiriza chonchi adzafunika kuwafunsiranso ukwati, poti mkazi amene anamukwatira akubwerera.

Tsono pempho langa ndi ili. Foni muziimba, Amayi amaidikira kuposa china chilichonse. Koma musafunsenso nambala. Afunseni kuti ayenda mpaka pati, agona bwanji, madzi amwa kapena ayi. Ndikudziwa mumafunsa chifukwa muli kutali, ndipo nambalayo ndiyo yokha imakufikani. Koma iwo funsolo amalimva ngati mayeso, ndipo poopa kukukhumudwitsani atha kudzivulaza tonse tikuona. Sabata yamawa tikaonana ndi adokotala, ndipo ndikawauza zonse, ngakhale Amayi anditsine.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, ndipo kamwanako mukauze kuti azakhali ake akubwera ndi ntchito posachedwa. Amayi, Abambo ndi Azakhali akupereka moni. Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mphamvu pantchito.

Yankho lanu sindinalidikire. Lero m'mawa ndakwera pampando n'kuika sikelo pamwamba pa kabati, mabatire ake ndaponya m'thumba la suti yanga. Izitsika Lamlungu lokha. Jagi ija ndaidzaza, ndaiika pambali pa makina a Amayi.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
A Digiri