Ndiime Kumbuyo kwa Yani?

Lolemba, 5 Meyi

Tsiku lonse m'chigafa, kusankha fodya. Msana. Fumbi kukhosi.

Chisankho chachipulula cha khansala wa wodi yathu chili Lachiwiri sabata yamawa. Ine nthumwi, poti ndine mlembi wa amayi kuchipani. Anandisankhira kulemba bwino, osati kulimba mtima.

Opikisana atatu. Ndawaika m'magiledi ngati masamba.

Achimwene Jeremiya: tsamba lalitali, lokongola m'maso, lopepuka pasikelo. Akuti adzabweretsa phula mpaka kuchigayo. Denga la khitchini yawo likudontha chaka chachitatu. Koma ndi achimwene, bere limodzi. Ndiwonso ankhoswe a banja langa.

A Lucious, otsogolera kwaya: tsamba lonunkhira, losachedwa kufumbutuka. Kumsonkhano atafunsidwa za zinyalala za pamsika anayankha ndi nyimbo.

Mai Feliya, mwana wa matenanti akummwera: tsamba lalifupi, lakuda, lolemera. Mjigo utawonongeka anapita kukhonsolo kasanu wapansi mpaka unakonzedwa. Saseka.

Ambuye, kusankha anthu ngati fodya si tchimo kodi?

Lachitatu, 7 Meyi

Ndachimwa.

M'mawa achimwene pakhomo: "Evelyn, chibale n'fupa." Ndinati musade nkhawa. Masana a Lucious, ati mawu ngati anga mulibe m'parishi yonse. Ine amene amandiimika kumbuyo kuti ndisamveke! Ndinati musade nkhawa. Madzulo kumjigo Mai Feliya sanapemphe kanthu, anangondisenza ndowa. Ndinati musade nkhawa, osafunsidwa n'komwe.

Voti imodzi, malonjezo atatu. Chonditonthoza n'chakuti m'kabokosi amaonamo ndi Mulungu yekha, ndipo Iye alibe miseche.

Lachisanu, 9 Meyi

Kabokosi kulibe.

Apampando alengeza kuti n'kufola. Opikisana adzamangidwa nsalu kumaso, ife n'kuima kumbuyo kwa amene tikumufuna, pabwalo la sukulu, dzuwa likuswa mtengo.

Bambo a Olive anaseka mpaka kutsamwa. "Mudzagone chopingasa, mayi. Mutu mzere uno, miyendo mzere uwo." Mwamuna wangayu alibe chisoni. Iwo si nthumwi.

Loweruka, 10 Meyi

Kukalapa. Bambo mfumu anamvetsera, kenaka ati, "Mwa malonjezo atatuwo awiri ndi mabodza kale. Sankhani loti likhale loona." Ndinapempha andisankhire. Anakana. Tikuoneni Maria atatu, wopikisana aliyense wake. Ndikukhulupirira ankaseka kuseri kwa kansalu kaja.

Lolemba, 12 Meyi

Tadinda mabelo awiri. Ndinaganiza zodwala malungo mawa, koma limenelo likhala bodza lachitatu.

Ndikaima kwa achimwene, ndiye belo lija timalinyoza: masamba abwino pamwamba, zinyalala m'kati. Ndimawadziwa. Amayamba, samaliza. Koma ndikaima kwina, mlandu wa banja langa adzaukamba ndani? Tsiku lija ndinalongedza katundu, ndiwo anabwera mvula ili m'mutu kudzatiyanjanitsa. Chimenecho anamaliza.

Akazi awo, alamu a Mervis, nthumwinso, anadzabwereka sefa. "Mawatu tonse kumbuyo kwa achimwene anu," mokweza, kuti amve mpaka akumsewu.

Ndapemphera korona yonse. Yankho ayi.

Lachiwiri, 13 Meyi

Chisankho chachitika.

Atatu aja anawaimika motalikirana, zitenje kumaso. Achimwene jekete, nsapato zopolisha, chifuwa patsogolo. Anandimvetsa chisoni kuchokera kumbuyo. Khosi lawo ndi la malemu bambo.

Wezulo italira ndinayamba ulendo wa kwa achimwene. Mboni ndi Mulungu. Koma ndinakumbukira miyezi inayi ya kutunga kudambo mjigo utawonongeka, mwana wanga Olive akutsegula m'mimba. Miyendo inakhota yokha.

Mzere wa Mai Feliya. Mutu pansi, maso pa zidendene za wakutsogolo. Patapata wobiriwira, lamba womanga ndi waya. Ndimamudziwa patapata ameneyo. Dzulo anali pakhomo panga kudzabwereka sefa.

Alamu anacheuka. Tinayang'anana. Ati chapansipansi, "Denga lija, alamu." Basi.

Mai Feliya 61. A Lucious 14, kwaya ndi azibale. Achimwene 9. Tinabalalika nsalu zisanamasulidwe.

Mai Feliya anaseka. Ali ndi mano abwino, kani.

Lachinayi, 15 Meyi

Achimwene akuyenda khomo ndi khomo kuthokoza anthu asanu ndi anayi aja. Afika kale makomo makumi awiri ndi atatu, ndipo aliyense akuti anali kumbuyo kwawo kwenikweni, mpaka kumva fungo la polishi. Iwo akuti owerenga anabera. Wodi yonse yatseka pakamwa. Alamu awaphera tambala wowapepesa.

Ndikangokhala chete ndikhala wa makumi awiri ndi anayi. Akapita kukadandaula kuchipani, akasekedwa ndi aliyense chifukwa palibe wowauza. Mlongo wawo ndine.

Ndalonjeza Mai Maria kuti mwezi wawo uno sindinamanso.

Njinga ya achimwene yaima panja. Bambo a Olive akuwapatsa mpando, akutsokomola dala. Ndawamva: "Mlongo wanga wokhulupirika ali kuti?"

Ndithira tiyi shuga wambiri. Ndiwauza. Za ine ndekha. Za patapata wobiriwira akaulule mwini wake kwa bambo mfumu Loweruka.

Akuitananso. Ambuye, ndiyambire pa mjigo kapena pa den—